Makiyi a Makompyuta Athu Ali ndi Ndani?

Munthu akawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi n'kutenga msewu wa ku Namwera ndi Chiponde, amadutsa m'dera la Mfumu Chowe. Kuno kulibe nyumba zosanjikizana zodzaza ndi makompyuta. Zimene maso amaona ndi misikiti, minda, anyamata a kabaza, madengu a usipa ndi kambuzi omangidwa kumbuyo kwa njinga, ndi timashopu ta maajenti, kena kopakidwa utoto wofiira wa Airtel Money, kena wobiriwira wa TNM Mpamba. Komabe moyo wa anthu a kuno udakolowekedwa kalekale pa makompyuta omwe iwo sadawaonepo. Ndalama yochokera kwa mwana amene ali ku Joni imafikira pa foni. Feteleza wotsika mtengo wa AIP, pulogalamu yomwe idayamba mu 2020, ankagulidwa makina akawerenga chiphaso cha unzika. Dzina la gogo wolandira Mtukula Pakhomo lili m'kaundula wa pa kompyuta. Ndipo pasipoti, kabuku kamene kwa mnyamata wa ku Mangochi ndi khasu lenileni, siituluka ngati seva ina mumzinda yagona.

Seva imeneyo idagonadi. Mu Januwale 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idaleka kusindikiza mapasipoti, ndipo masabata adatha anthu akungouzidwa kuti makina avuta. Amene adali atagulitsa kale mbuzi kapena kukongola ndalama ya ulendo adangoti kakasi. Pa 21 Febuluwale mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali adalowa m'makompyuta a nthambiyo, n'kuwatseka, ndipo akufuna dipo. Adati boma silipereka kalikonse, napatsa nthambiyo masabata atatu kuti ipeze njira yongogwirizira. Ena, kuphatikizapo bungwe la CDEDI, adatsutsa poyera kuti padalibe wakuba wakunja, koma gwero lidali malaisensi a pulogalamu yosindikizira. Kampani yomwe idakonza dongosololo, Techno Brain, idasaina kontrakiti ya madola 60.8 miliyoni mu 2019, boma n'kuithetsa mu Disembala 2021, ndipo idakana kuti ikukhudzidwa ndi chisokonezocho. Kusindikiza kudayambiranso mu Malichi ku Lilongwe, kampani ya konkuno ya E-Tech Systems italowererapo, pomwe zigawo zina zidadikirabe.

Kwa munthu amene ntchito yake ndi kuteteza makompyuta a bungwe, nkhani ziwiri zotsutsanazi zimathera pa khomo limodzi. Kaya adatseka ndi wakuba, kaya lidali vuto la laisensi, mwini nyumba adapezeka panja alibe kiyi wa nyumba yake, ndipo adalibe khomo lina lolowera.

Tsidya lina la Shire, ku magombe a Nkopola ndi Makokola, ndi kumene mabungwe a akatswiri a zachuma ndi a zamakompyuta, monga ICAM ndi ICTAM, amakonda kuchitira misonkhano yawo ya pachaka. M'zipinda zozizirazo nkhani ya chitetezo cha makompyuta imamveka kawirikawiri masiku ano, ndipo ogulitsa zipangizo sasowa. Amene amamvetsera mwachidwi koposa ndi munthu amene m'mabanki ndi m'makampani a mafoni amamutchula mwachidule kuti CISO, mkulu woyang'anira chitetezo cha makompyuta ndi zinsinsi za bungwe. M'mabungwe ang'onoang'ono, monga chipatala cha mishoni, loji ya kunyanja kapena SACCO ya aphunzitsi, udindowu umangogwera «mnyamata wa IT», yemweyo wokonza pulinta. Kaya mpando ndi waukulu kaya ndi waung'ono, chimene amayenera kukhala nacho ndi ndondomeko. Ndipo ndondomeko si mndandanda wa zogula. Ndi chigamulo cha bungwe lonse pa zinthu zochepa: ntchito iti yomwe siyenera kuima ngakhale tsiku limodzi, ndani ali ndi mphamvu yolowa pati, ndipo zikavuta adzayambira pati kudzuka.

Funso loyambalo limaoneka lophweka mpaka litafunsidwa pa msonkhano wa mabwana. Aliyense amati dipatimenti yake ndiyo mtima wa bungwe. Koma ndalama ndi anthu oteteza n'zochepa, ndipo woyesa kulondera chilichonse mofanana salondera kanthu. Ku chipatala, chimene sichiyenera kutayika ndi mbiri ya odwala omwe amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi, ndi kaundula wa mankhwala m'nkhokwe. Ku loji ndi mabuku a alendo ndi njira yolandirira malipiro. Ku kampani ya nsomba ndi malipiro a antchito ndi maakaunti a ogula. Mkulu wanzeru amayamba ndi kalembera: makompyuta alipo angati, ali kuti, amayendera pulogalamu yanji, ndipo adaika ndani. Si zachilendo kupeza seva yakale pansi pa desiki, ikulira usana ndi usiku, yomwe adailumikiza munthu wina amene adachoka ntchito zaka zitatu zapitazo, ndipo palibe akudziwa pasiwedi yake kapena chimene chingaime ikazimitsidwa.

Funso lachiwiri, la makiyi, ndilo Malawi adalipirira mtengo wowawa kwambiri. Usiku wa 13 Sepitembala 2013, mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, a Paul Mphwiyo, adawomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Area 43 mu Lilongwe. M'masabata otsatira apolisi adayamba kupeza mipukutu ya ndalama m'nyumba ndi m'mabuti a galimoto za ogwira ntchito m'boma, ena a maudindo otsika ndithu. Umu ndi momwe Cashgate idaululikira. Akatswiri a kampani ya Baker Tilly, omwe adalipidwa ndi boma la Britain, adapeza mu lipoti lawo loyamba kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013, ndipo kafukufuku atapitirira chiwerengerocho chidafika pafupifupi K24 biliyoni.

Ambiri amakumbukira Cashgate ngati nkhani ya katangale, ndipo n'zoona. Koma njira yomwe ndalamazo zidadzera idali ya pa kompyuta. Boma limalipira kudzera m'dongosolo lotchedwa IFMIS. Anthu okhala ndi mphamvu yolowamo ankalembamo malipiro opita ku makampani omwe sadagulitse boma ngakhale pensulo, cheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta zomwe adalembazo kuti wobwera pambuyo asapeze phazi. Unduna wa zokopa alendo udali limodzi mwa makomo akuluakulu otulutsira ndalamazo. Mayi Treza Senzani, omwe adali mlembi wamkulu wa undunawo, adalamulidwa kukhala kundende zaka zitatu mu 2014, ndipo a Oswald Lutepo, wamalonda amene adavomera mlandu wokhudza K4.2 biliyoni, adalandira zaka 11 mu 2015. Maiko othandiza, omwe ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, adaimitsa thandizo lawo lolowa mwachindunji m'thumba la boma, ndipo kuphwa kwa thumbalo kudamvekera mpaka ku zipatala zing'onozing'ono ndi masukulu a kumidzi.

Palibe adathyola zenera. Onse adalowera pakhomo, ndi kiyi wopatsidwa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo khoswe wa m'makompyuta amakhala ndendende pamenepo: ndi munthu wodalirika, wodziwa ntchito, amene bungwe likuopa kumukhumudwitsa chifukwa akachoka zinthu ziima. N'chifukwa chake ndondomeko yabwino siyamba ndi kukayikira khalidwe la munthu aliyense, koma imakonza zinthu mwakuti ngakhale wokhulupirika asakhale ndi mphamvu yochita zonse yekha. Wolemba malipiro akhale wina, wovomereza wina, wotulutsa ndalama winanso. Mbiri ya yemwe walowa, nthawi yomwe walowa ndi chimene wasintha isungidwe pa malo pomwe ngakhale mkulu wa makompyuta sangafufute, ndipo pakhale munthu amene ntchito yake ndi kuiwerenga, chifukwa mbiri yosawerengedwa ili ngati mlonda wogona. Munthu akasamutsidwa kapena akachotsedwa ntchito, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo, asanafike ndi pa depoti pomwe.

Zimenezi zimalimbana ndi chizolowezi chomwe aliyense wogwira ntchito mu ofesi za kuno amachidziwa. «Achimwene, tandibwerekeni pasiwedi yanu, yanga yakana.» «Bwana ali ku maliro, koma andisiyira yawo kuti ndivomereze.» Mawu amenewa amachokera mu mtima wabwino, wofuna kuti ntchito isaime ndiponso kuti mnzako asavutike, ndipo n'chifukwa chake ndi ovuta kuwathetsa. Mkulu wa chitetezo amene amangoletsa osapereka njira ina amagonja. Chofunika ndi kukonzeratu kuti bwana akachoka, wachiwiri wake akhale ndi mphamvu yovomereza m'dzina lakelake, kwa masiku owerengeka, zolembedwa.

Vutoli si la Malawi yekha. Ku South Africa, banki ya Postbank idakakamizika kusintha makhadi pafupifupi 12 miliyoni, ambiri a iwo a anthu olandira thandizo la boma, kiyi wamkulu wa manambala 36 atasindikizidwa pa pepala ku malo ake osungira makompyuta ku Pretoria kumapeto kwa 2018. Ndalama zokwana R56 miliyoni zidabedwa. Ku America, mu Meyi 2021, kampani ya mapaipi a mafuta ya Colonial Pipeline idaima masiku angapo n'kulipira dipo la madola 4.4 miliyoni, akuba atalowera pa akaunti yakale yomwe idaiwalika yosatsekedwa ndipo inkangofuna pasiwedi basi. Loko wachiwiri, uja wofuna kuti munthu atsimikizenso ndi nambala yobwera pa foni kapena pa kachipangizo kapadera, akadatseka njira imeneyo. Mwa zonse zomwe bungwe lingachite mwezi uno ndi ndalama yochepa, loko wachiwiriyu pa maimelo, pa maakaunti a kubanki ndi pa maakaunti a oyang'anira makompyuta ndiye woyenera kuyambira.

Palinso makiyi amene ali kunja kwa mpanda. Mabungwe ambiri kuno salemba okha mapulogalamu awo. Amagula kapena kubwereka kwa makampani, ambiri akunja. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika chimabwera pa tsiku losainirana, pomwe maso onse amakhala pa mtengo, osafunsa mafunso a tsiku lolekana. Ukwati ukatha, deta idzatuluka bwanji, ndipo idzakhala yowerengeka ndi pulogalamu ina? Pasiwedi yaikulu ya seva ali nayo ndani? Kodi antchito a kampaniyo angathe kulowa ali kwawo, usiku, popanda wowaona? Kampaniyo ikagwa kapena ikakwiya, pali munthu wachitatu wosunga pulogalamuyo kuti bungwe lisagwe nayo limodzi? Pakati pa Disembala 2021 ndi Januwale 2024 padadutsa zaka ziwiri, nthawi yokwanira kuyankha mafunso onsewa pa nkhani ya mapasipoti. Ku Uganda, mu Okutobala 2020, akuba sadalimbane ndi MTN, Airtel kapena banki ya Stanbic maso ndi maso. Adalowera ku Pegasus Technologies, kampani yolumikiza mabanki ndi ndalama za pa foni, n'kutulutsa ndalamazo kudzera m'masimu khadi pafupifupi 2,000. Kuno nakonso mabanki ndi makampani a mafoni adalumikizana kudzera ku National Switch, zomwe zidafewetsa moyo wa wamalonda wa kwa Chowe wotumiza ndalama kuchoka pa foni kupita ku banki, komanso zikutanthauza kuti chitetezo cha aliyense chikudalira mnzake wofooka koposa.

Tsono pali mliri umene dziko lonse likulira nawo, wa ransomware. Ndi pulogalamu yomwe ikalowa m'makompyuta imasokoneza mafayilo onse kuti asawerengeke, n'kusiya uthenga wofuna dipo. Masiku ano eni ake amayamba akopera zinsinsi za bungwe, kuti likakana kulipira aliopseze kuti aziika poyera. Mu Julaye 2019 idagwira City Power ku Johannesburg, anthu n'kulephera kugula mayunitsi a magetsi. Mu Julaye 2021 idagwira Transnet, ndipo madoko a makontena, kuphatikizapo la Durban komwe kumadzera katundu wina wobwera kuno, adabwerera ku mapepala ndi bolopeni. Mu Meyi 2022 gulu lotchedwa Hive lidalowa mu Bank of Zambia, koma bankiyo idakana kulipira ndipo idadzuka msanga.

Kukana kulipira n'koyenera. Dipo limalemeretsa akuba, limawaitananso, ndipo palibe chitsimikizo chakuti akalandira abweza kiyi. Koma kukanako kumakhala ndi msana pokhapokha ngati bungwe lili ndi kope la deta yake kwina komwe akubawo sadafikeko. Apa nkhani ziwiri zikuyenera kuikidwa pamodzi. Mu Juni 2024 bungwe la National Health Laboratory Service, lomwe limayeza magazi ndi zina za anthu ochuluka opita ku zipatala za boma ku South Africa, lidagwidwa, ndipo akubawo adafufuta ndi makope osungira omwe. Kwa masabata, madokotala ankalandira zotsatira pa foni kapena pa mapepala olembedwa pamanja, odwala akudikira. Makopewo adaalipo, koma adali olumikizika ku netiweki yomweyo, ngati nkhokwe yomangidwa mogundana ndi khitchini ya udzu.

Ina ndi ya Maersk, kampani yaikulu ya sitima zapamadzi ya ku Denmark. Pa 27 Juni 2017 pulogalamu yowononga yotchedwa NotPetya, yomwe idayambira ku Ukraine, idazimitsa makompyuta ake pafupifupi onse pa dziko lapansi m'kanthawi kochepa. Pofuna kudzuka, akatswiri adapeza kuti maseva onse osunga mndandanda wa antchito ndi mphamvu zawo zolowera adafufutika, chifukwa ankakoperana okhaokha. Adaimba mafoni ofesi ndi ofesi mpaka adapeza seva imodzi yamoyo ku Ghana. Idapulumuka chifukwa magetsi adali atazima kumeneko pa nthawi ya chiwembucho, ndiye idali yosalumikizika. Chosungira deta cha sevayo chidanyamulidwa pamanja pa ndege, kudzera ku Nigeria, mpaka ku England. Kampaniyo idakonzanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000 m'masiku khumi, ndipo idataya ndalama zapakati pa madola 250 ndi 300 miliyoni. Chimene ku Ghana chidachitika mwangozi, bungwe lililonse likhoza kuchichita mwadala: kope limodzi lochotsedwa pa netiweki, lotsekeredwa m'sefa ya nyumba ina, ndipo loyesedwa nthawi ndi nthawi kuti likubwezadi deta. Kope lomwe silidayesedwepo ndi chiyembekezo chabe.

Kunyanja kuno adani a seva si akuba okha. Namondwe Ana adawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 pa magetsi a dziko lino kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Freddy mu Malichi 2023 adadula misewu, mawaya ndi milatho m'chigawo cha kum'mwera. Kutentha kwa Mangochi mu Okutobala kumapha makina m'chipinda chopanda mpweya wozizira. Dongosolo lodzukira pambuyo pa wakuba ndi lomwelo lodzukira pambuyo pa madzi osefukira, ndipo mkulu wochenjera amapempha ndalama ya zonse ziwiri pa pepala limodzi.

Ndalamayo ndi nkhani payokha. Zipangizo ndi malaisensi a chitetezo amagulidwa m'madola, pomwe kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madolawo kupezeka kwake n'kwa apo ndi apo. Bungwe lomwe lidagula makina apamwamba chaka chabwino likhoza kupezeka chaka chotsatira lili ndi bokosi lowala magetsi koma laisensi yake idatha. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi zomwe zimafuna khama koposa ndalama. Ransomware ya WannaCry, yomwe mu Meyi 2017 idachititsa zipatala za boma ku England kulephereza maulendo a odwala pafupifupi 19,000, idalowera pa bowo lomwe Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chake mu Malichi. Ovulalawo adangochedwa kumata chigambacho. M'maofesi ambiri kuno makompyuta amayendera mapulogalamu okopera mwakuba, omwe salandira zigamba n'komwe, ndipo fulashi imodzi imayenda kuchokera ku shopu yosindikizira makalata pa boma, kupita ku kompyuta ya akawunti, kenaka kukakopera nyimbo kwa wowotcha mafilimu pa msika. Kuthetsa ulendo wa fulashi umenewo kumateteza bungwe kuposa makina ambiri odula.

Chotsala ndi munthu, ndipo apa kwa Chowe kuli aphunzitsi abwino kuposa a ku misonkhano. Mayi amene amakhala m'kashopu ka ajenti kuyambira m'mawa, foni ziwiri pa thebulo, kabuku ka mizere kolembamo manambala, ndi chikwama cha ndalama chomangirira m'chiuno, amakumana ndi akuba a pa foni sabata iliyonse. Amadziwa uthenga uja wakuti «ndalama ija mutumize pa nambala iyi». Amadziwa liwu laulemu lonena kuti likuimba kuchokera ku likulu la kampani ndipo likufuna kumuthandiza kukonza akaunti, angotchula nambala yachinsinsi. Adaonapo bambo wachikulire akubwera thukuta lili kamukamu, kuti wina wamuimbira kuti ndi thiransipota, katundu wochokera kwa mwana wake ku Joni wagwidwa pa boda, ndipo pakufunika ndalama msangamsanga. Ajenti wozindikira amaika foni pansi n'kunena kuti, «Bambo, tayambani mwamuimbira mwana wanuyo.» Bungwe la MACRA lidanenapo kuti Amalawi amaberedwa pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha ndalama za pa foni, ndipo apolisi akhala akunena kuti mafoni ambiri otere amaimbidwa kuchokera m'ndende ya Zomba. Ku Lusaka, mu Epulo 2024, akuluakulu a boma adagwira anthu 77 pa kampani ya Golden Top Support Services, komwe achinyamata ankalembedwa ntchito yonyenga anthu pa intaneti, ndipo nzika 22 za ku China zidamangidwa pa mlanduwo.

Chinyengo chomwe chimagwetsa bambo wa kumudzi ndi chomwecho chimagwetsa makampani a mabiliyoni: changu, mantha ndi ulemu kwa wamkulu. Mu Sepitembala 2023 mahotela a MGM Resorts ku Las Vegas adataya pafupifupi madola 100 miliyoni, makiyi a zipinda ndi makina olipirira atafa, ndipo chiyambi chake chidali foni yoimbidwa ku ofesi yothandiza antchito, munthu akunamizira kuti ndi wantchito amene waiwala pasiwedi. Kuno njira yofala ndi imelo kapena uthenga wa WhatsApp wooneka ngati wachokera kwa bwana wamkulu kapena kwa kampani yomwe bungwe limagulako katundu, wonena kuti akaunti ya kubanki yasintha. Mankhwala ake ndi aja a ajenti uja: imbani kaye pa nambala yomwe mumaidziwa kale. Koma kalaliki wamng'ono sangayerekeze kuimbira bwana wamkulu kuti atsimikize, pokhapokha bwanayo atanena yekha pamaso pa onse kuti akufuna azifunsidwa.

Manyazi nawo ndi bwenzi la wakuba. Wantchito amene wadina pomwe samayenera kudina amadziwa nthawi yomweyo kuti china chalakwika, koma ngati akudziwa kuti akaulula alandira kalata ya chenjezo, amatseka kompyuta n'kupita kwawo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo pano imafa ndi bungwe lonse, chifukwa maola oyambawo ndiwo akadapulumutsa zinthu. Ndondomeko ikuyenera kunena momveka kuti woulula msanga sadzalangidwa. Maphunziro ake nawonso aperekedwe m'chinenero chomwe anthu amaganizira. Ku Mangochi mlonda, wophika, dalaivala ndi ajenti ambiri amamva bwino Chiyao ndi Chichewa, ndipo chikalata cha masamba makumi atatu cha Chingerezi chosainitsidwa tsiku loyamba ntchito sichiteteza aliyense.

Malamulo afika, ngakhale mochedwerapo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lidaika kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo m'gulu la milandu, ndipo lidakhazikitsa gulu la Malawi CERT pansi pa MACRA kuti lizithandiza pakagwa chiwembu. Lamulo la Data Protection la 2024, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Juni chaka chomwecho, lidapita patsogolo: lidati zinsinsi za munthu, monga dzina, nambala ya chiphaso, matenda ake ndi chithunzi chake, si katundu wa bungwe lomwe lazisonkhanitsa, ndipo zikabedwa kapena kutayika bungwelo liuze MACRA pasanathe maola 72. Lamuloli likukhudza aliyense amene amajambula ziphaso za unzika za anthu, ndipo otere m'dera ngati la Chowe ndi ambiri: mabungwe ogawa thandizo, obwereketsa ndalama, olembetsa masimu khadi. Mafotokope a ziphaso omwe amaunjikana m'makatoni, ena n'kudzapezeka akukulungira zitumbuwa, nawonso ndi nkhani ya mkulu wa chitetezo, chifukwa chiphaso cha munthu wina ndicho wakuba amalembetsera simu khadi yobera.

Amene akufuna chimango chokonzera ndondomeko yawo ali ndi pogwira. ISO 27001 ndi muyezo womwe mabanki ndi makampani akuluakulu amayesedwa nawo, ndipo chimango cha bungwe la NIST la ku America chimapezeka mwaulere. Pochikonzanso mu Febuluwale 2024, a NIST adawonjezera mutu wa utsogoleri pa mitu isanu yomwe idalipo, kusonyeza kuti chitetezo ndi nkhani ya m'chipinda cha bodi, osati ya m'chipinda cha maseva mokha. Apa ndi pomwe mabungwe ambiri a kuno akutsalira. Woyang'anira chitetezo amaikidwa pansi pa mkulu wa IT, munthu yemweyo amene ntchito yake akuyenera kuiunika, ndipo lipoti lake limafika kwa mabwana litasefedwa. Amafunika khomo lakelake lofikira ku bodi, ndipo akafikako asalankhule za mavairasi ndi mafayawolo. Anene kuti, seva ya malipiro ikafa lero, antchito adzalandira patatha masiku angati. Anene maakaunti angati a anthu omwe adachoka ntchito akadali otsegula. Anene tsiku lomaliza lomwe kope losungira lidayesedwa ndi maola omwe zidatenga. Manambala otere wapampando wa bodi amawamva, ndipo akawamva udindo umakhala wake.

Nkhanga zidapangana kusanapse. Tsiku la chiwembu si tsiku loyamba kufunsana kuti azimitse seva ndani, alankhule ndi atolankhani ndani, kapena nambala ya Malawi CERT ili pati. Akuba amakonda kuyambitsa ntchito yawo usiku, kumapeto kwa sabata kapena pa holide, pomwe ofesi ili ndi mlonda yekha. Choncho bungwe liziyeserera, kamodzi kapena kawiri pa chaka, mabwana ali pomwepo: makompyuta onse atsekedwa, imelo palibe, ndipo pa sikirini pali uthenga wofuna dipo. Pamayesero oterewa ndi pomwe zimadziwika kuti manambala a mafoni a anthu ofunika adasungidwa m'kompyuta yomwe yatsekedwayo, kuti mafomu a pepala olembera odwala kapena alendo adatha chaka chatha ndipo sadasindikizidwenso, ndiponso kuti yekhayo wodziwa kubwezeretsa kope ali pa minibasi pakati pa Liwonde ndi Ulongwe, foni yake yatha moto. Ngati kalaliki wazindikira za kubedwa kwa deta Lachisanu nthawi ya 5 koloko madzulo, akuweruka, maola 72 a MACRA aja amatha Lolemba nthawi yomweyo.